Kulowa masitazi ya jogalafe n'kosavuta, ntchito ili potuluka

Ikafika miyezi ya Ogasiti mpaka Novembala, funso limene limamveka pakati pa omwe anamaliza digiri yoyamba ndi limodzi: "Sikolashipu yatuluka ndi iti?" Uyu akukamba za Chevening, uyo za Commonwealth, winanso za DAAD ya ku Germany, ndipo onse ali kalikiliki kusaka ma transcript ndi makalata owachitira umboni. Pakati pawo pali amene anaphunzira jogalafe kapena za chilengedwe, ena ndi aphunzitsi a ku sekondale, ena amagwira ntchito m'makhonsolo ndi m'mabungwe. Ndikufuna ndilankhule ndi amenewa. Musatumize fomu ya masitazi kapena PhD ya jogalafe musanakhale ndi zinthu ziwiri m'manja: funso lanulanu lokhudza malo enieni, ndi munthu amene mwalankhula naye ndipo waonetsa kuti angakuyang'anireni pa kafukufuku wa funsolo. Dzina la yunivesite, dziko limene mukupita, ngakhale sikolashipu imene, zibwere pambuyo.

Ndikutero chifukwa khomo lolowera si limene limagwetsa anthu. Malo a masitazi odzilipirira wekha sasowa, kuno kwathu ngakhale kunja. Chimene chimavuta ndi kumaliza. Tonse tikuwadziwa anzathu amene makalasi anamaliza bwinobwino, mayeso anakhoza, fizi analipira mpaka kugulitsa puloti, koma papita zaka zinayi akunenabe kuti atsala ndi thesis. Ukawafunsa kuti kafukufuku wawo ndi wa chiyani, amayankha mutu wotalika wa Chingerezi umene iwo eni saukonda. Anaupeza mothamanga sabata yomaliza yopereka pulopozo, kapena anachita kupatsidwa ndi lekichala amene anali ndi zolinga zake. Munthu sungadzuke 4 koloko m'mawa kwa chaka chathunthu kulemba za chinthu chimene sichikukudya mutu.

Jogalafe ya ku sekondale inatizoloweza kuloweza. Tinaloweza za ulimi wa tirigu ku Canada, ng'ombe za mkaka ku Denmark, mitundu ya mitambo ndi ya miyala, ndipo woloweza bwino anakhoza MSCE. Ngakhale digiri yoyamba munthu akhoza kuidutsa ndi manotsi a lekichala. Pa masitazi zinthu zimatembenuka, tsopano ndi inu amene mukuyenera kuwauza aphunzitsiwo chinthu chimene sakuchidziwa. Vuto lina n'lakuti phunziroli ndi lotambalala kuposa ambiri. M'dipatimenti imodzi mumapezeka wina woyeza matope amene mtsinje ukukokolola, wina wofunsa amayi a mumsika za kumene amakapikula tomato, wina amene tsiku lonse maso ali pa zithunzi za setilaiti. Onsewo ndi a jogalafe. Wolowa wopanda funso amangozungulira pakati pawo, mwezi uno akufuna za kusintha kwa nyengo, mwezi wamawa za kukula kwa mizinda, mpaka chaka chimatha pulopozo isanavomerezedwe.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mafunso tili nawo pakhomo, ochuluka kuposa anthu owafufuza. Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023 anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo zomwezo zinachitika ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anthu ambiri anayankhula ngati n'zachilendo, chonsecho napolo anagwetsapo tauni ya Zomba mu Disembala 1946, ndipo mu Malichi 1991 anatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana ku Phalombe. Mapiri omwewo akadalipo, anthu m'munsi mwake achuluka. Wofuna masitazi akalemba kuti akufuna kufufuza "zotsatira za kusintha kwa nyengo m'Malawi", sanafunse kanthu, wangotchula mutu wa nkhani. Funso limaoneka chonchi: nyumba zimene zamangidwa m'mbali mwa phiri la Soche kuyambira chaka cha 2000 zili pa mtsetse wotani, madzi a mvula amadutsa pati, nanga malowo anagawa ndani? Funso lotere lili ndi malo, lili ndi nthawi, likhoza kuyankhidwa ndi munthu mmodzi wa laputopu imodzi, ndipo yankho lake khonsolo ya mzinda wa Blantyre ikhoza kuligwiritsa ntchito.

Enanso alipo. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo inaumapo mu 1968 ndi mu 1995: asodzi ake amapita kuti ikauma, nanga ikabwerera madimba a m'mphepete amakhala a yani? Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anaononga damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 pa magetsi a dziko lino, nkhani imene imayambira kumtunda kwa mitsinje yothira mu Shire. Lamulo la malo a makolo la 2016 likufuna malire a mafumu ndi a mabanja alembedwe pa mapu, ntchito imene sidzatha popanda mikangano. Ngakhale kusamvana kwathu ndi Tanzania pa za malire a pa nyanja kumatsamira pa pangano la 1890 la Britain ndi Germany komanso pa mapu akale. Munthu wophunzira jogalafe m'Malawi akasowa funso, ndiye kuti sakuyang'ana.

Mukapeza funso, sakani munthu. Apa mpamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amasaka dzina la yunivesite. Dzinalo limakongoletsa satifiketi, koma silidzakuwerengerani chaputala. Amene adzawerenge, kubweza ndi inki yofiira, kukuuzani kuti njira mwasankhayo siyankha funso lanu, ndi kusaina kuti thesis ipite kwa oyesa, ndi supavayiza. Choncho fufuzani amene analembapo za nkhani yanu kapena yofanana nayo, werengani mapepala ake awiri kapena atatu, kenako mulembereni. Makalata ambiri amene aphunzitsi a m'mayunivesite amalandira amayamba ndi matamando, kenako mbiri ya umphawi wa wolembayo, n'kumaliza ndi pempho loti "ndithandizeni kupeza sikolashipu pa phunziro lililonse". Kalata yotere imatumizidwa kwa anthu makumi atatu tsiku limodzi ndipo imaonekeratu. Imene imayankhidwa ndi yaifupi: ndine wakuti, ndimagwira ntchito ku boma lakuti, ndawerenga zimene munalemba pa kugumuka kwa mapiri, ndikufuna kuona ngati njira yanu ingagwire pa phiri lakuti, deta imene ndili nayo ndi iyi, imene ndilibe ndi iyi, kodi chaka chamawa mukutenga ophunzira? Mizere khumi yakwana.

Ndipo musathere pa kulankhula ndi iye yekha. Pezani ophunzira amene anadutsa m'manja mwake muwafunse mwakachetechete kuti chaputala chimatenga nthawi yaitali bwanji kuti chibwerere. Iwowo sabisa.

Tsopano ku mawu amene ndikudziwa kuti ena awakonzeratu: "Akulu, wosauka sasankha. Kumene kwapezeka ndalama n'kumene tipite, funso tikalipeza konko." Mawuwa ali ndi choonadi chake, ndipo sindingauze munthu kuti akane sikolashipu chifukwa supavayiza wa kumaloto kwake ali kwina. Koma taonani mafomu a masikolashipuwo. Chevening imalipira masitazi ya chaka chimodzi ku Britain, imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka zosachepera ziwiri, ndipo imamuuza kuti akamaliza abwerere kwawo kwa zaka ziwiri. Mbali yaikulu ya fomu yake ndi nkhani zimene wopemphayo amalemba zofotokoza chimene akufuna kukaphunzira ndi chimene adzachite nacho akabwerera. Beit Trust, imene imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, nayonso imayang'ana phindu limene dziko lidzapeze. Ku America, ophunzira ambiri a masitazi ndi PhD amalipiridwa chifukwa chothandiza kuphunzitsa kapena kugwira ntchito pa kafukufuku wa pulofesa, kutanthauza kuti ndalama nthawi zambiri zimatsata pulofesa amene wakufunani. Ku South Africa, masitazi yambiri ya jogalafe ndi ya kafukufuku yekhayekha, ndipo dipatimenti siikutengani ngati palibe wovomera kukuyang'anirani, kuonjezera pa kutumiza mapepala anu ku SAQA, bungwe la dzikolo loona za masatifiketi, kuti akawaunike. Kulikonse mungatembenukire, funso ndi munthu ndi zimene zimatsegula thumba la ndalama. Wosauka ndiye woyenera kukhala nazo msanga kuposa wolemera, chifukwa wolemera akalephera amangolipiranso.

Palinso amene amanena mosabisa kuti iwo akungofuna pepala kuti akwezedwe pa ntchito. Amenewa ndimawalemekeza chifukwa sanama. Koma iwo ndi amene akufunika funso laling'ono kwambiri, lochokera pa ntchito imene akugwira kale, loti deta yake ili mu ofesi mwawo momwemo. Wogwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu, wophunzira Loweruka ndi Lamlungu, wa ana atatu ndi maliro a kumudzi, sangafufuze chigwa chonse cha Shire.

Za kuphunzira kuno kapena kunja, anthu amaiwala chinthu chimodzi chimene m'jogalafe n'chachikulu: kalendala. Masitazi ya ku Britain imayamba Seputembala kapena Okutobala, ndipo thesis imalembedwa pakati pa Juni ndi Ogasiti. Kwathu imeneyo ndi nyengo yozizira, mitsinje yaphwera, minda yakololedwa. Ngati funso lanu ndi la madzi osefukira kapena la mbewu za m'munda, mukabwera nthawi imeneyo mudzapeza fumbi. Mudzakakamizika kudalira zithunzi za setilaiti ndi zimene ena analemba. Kunjako kuli zake zabwino zosatsutsika: malaibulale, intaneti yosadukaduka, ndi masukulu ngati ITC ya ku Enschede m'dziko la Netherlands, imene yakhala ikuphunzitsa anthu a ku Africa za mapu ndi zithunzi za m'mlengalenga kwa zaka zambiri. Koma wophunzira pa yunivesite ya kuno, kaya ku Zomba, ku Mzuzu, ku Bunda kapena ku Ndata, ali ndi chimene wa ku London alibe. Akhoza kukwera minibasi Lachisanu madzulo n'kukaima pa mtsinje wake tsiku limene wadzadza.

Apa ndafika pa chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, msampha wa GIS, luso lojambula ndi kusanthula mapu pa kompyuta. Zida zake masiku ano n'zaulere. Zithunzi za setilaiti za Landsat zilipo kuyambira 1972 ndipo zinatsegulidwa kwa aliyense mu 2008, Sentinel-2 ya ku Ulaya inayamba mu 2015, pulogalamu ya QGIS siigulidwa. Ndi mwayi waukulu umene a m'mbuyomu analibe. Koma wabala mtundu wa thesis umene wafika potopetsa: kutenga zithunzi za boma limodzi za zaka zitatu zosiyana, kuzipaka mitundu, n'kulengeza kuti nkhalango zachepa, minda ndi nyumba zachuluka. Agogo aliwonse a m'deralo akanakuuzani zimenezo popanda kompyuta. Chimene sitikudziwa ndi chakuti mitengoyo inapita kuti, makala ake anadutsa msewu uti, amene anapindula ndi ndani, nanga n'chifukwa chiyani phiri ili lameteka pamene loyandikana nalo likadali ndi mitengo.

Komanso setilaitiyo siiona zonse. Kadontho kamodzi pa chithunzi cha Landsat kamaimira malo a mamita 30 mbali zonse, kutanthauza osakwana kota ya ekala. Munda wa mlimi wa ku Chiradzulu, mmene muli chimanga, nandolo, maungu ndi mtengo wa mango pakati, umangokwana timadontho tochepa, ndipo kompyuta imaupatsa dzina limodzi, mwina kuutcha tchire. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene mukufunitsitsa kuona pansi, mitambo imaphimba zonse, pokhapokha mutaphunzira kugwiritsa ntchito zithunzi za radar, zimene mitambo siizitchinga, monga za Sentinel-1. Mukatenga mapu akale a boma, amene anajambulidwa pa muyezo wa Arc 1950, n'kuwasanjika pa malo amene GPS ya mufoni yakupatsani osasintha muyezowo, mudzapeza mjigo uli pakati pa mtsinje, chifukwa miyezo iwiriyi imasiyana ndi mamita mazana angapo. Zonsezi mankhwala ake ndi amodzi, kupita pamalopo. Walira mvula walira matope: wofuna digiri ya jogalafe agule nsapato zoyenera.

Tengani chitsanzo cha Makhanga ku Nsanje. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 anachititsa mtsinje wa Ruo kusintha njira, ndipo deralo linadulidwa n'kukhala ngati chilumba. Mapu aliwonse a ngozi amapaka malowo utoto wofiira, ndipo uphungu wake ndi wachidule: anthu asamuke. Koma amene anakhalapo pansi pa mtengo ndi anthu a kuchigwa amamva zina. Madzi omwe amagwetsa nyumbawo ndi amene amasiya nthaka yachonde imene imabereka chimanga, mbatata ndi nyemba m'chilimwe popanda feteleza. Kumtunda kumene akuuzidwa kuti apite kuli eni ake. Mfumu ikasamukira m'dera la mfumu inzake, ufumu wake umachepa. Manda a makolo amatsala. Mkulu wa m'mudzi akhoza kukulozerani pa khoma la tchalitchi pamene madzi anafika chaka chakuti ndi pamene anafika chaka chinacho, umboni umene palibe setilaiti inausunga. Wophunzira amene waika mapu ofiira aja pamodzi ndi zimene anthuwa akunena ndi amene wachita jogalafe. Ndi mmenenso dokotala wina, John Snow, anachitira ku London mu 1854. Anthu amakumbukira mapu ake a imfa za kolera mozungulira pampu ya madzi ya mu Broad Street, koma iye anayendanso khomo ndi khomo, mpaka kupeza kuti ogwira ntchito pa fakitale ya mowa ya mumsewu womwewo sanadwale chifukwa sankamwa madzi a pampuyo. Ife kolera inatipha anthu oposa 1,700 pakati pa 2022 ndi 2023, ndipo ntchito yoyenda khomo ndi khomo ndi mapu m'manja ikadali yambiri.

Musandimve molakwa, GIS iphunzireni, ndipo muiphunzire mozama. Ntchito zambiri zimene zimalengezedwa m'mabungwe zimaifuna, ndipo kutsegulidwa kwa sukulu yophunzitsa za madroni ndi deta ya African Drone and Data Academy ku Lilongwe mu 2020 kunasonyeza kumene zinthu zikulowera. Onjezerani masamu a statistics ndi kulemba mapulogalamu mu R kapena Python. Chimene ndikukana ndi kutenga chida n'kuchiyesa funso.

Zotsalazo ndi zazing'ono koma ndi zimene zimadya zaka. Fizi si mtengo wonse wa digiri. Kafukufuku wa jogalafe amafuna thiransipoti, kabaza, nthawi zina bwato, malo ogona, ndi kangachepe ka achinyamata okuthandizani kufunsa mafunso. Amene analemba bajeti yake kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anadzuka tsiku lina ndalama zake zitafupika. Ngati mudzafunsa anthu mafunso, pamafunika chilolezo cha komiti yoona za umunthu pa kafukufuku, ndipo komitiyo siikumana tsiku lililonse. Pambuyo pake pali kalata ya kwa a DC, kenako kukaonekera kwa a T/A, a gulupu ndi a nyakwawa, ndipo wodumpha masitepe amenewa amabwezedwa pa mudzi woyamba. Deta ya mvula ku nthambi ya zanyengo ipempheni koyambirira, muone ngati siteshoni ya m'dera lanu ili ndi zaka zokwanira musanamangirepo pulopozo. Dzinja limabwera kamodzi pa chaka. Chilolezo chikachedwa mpaka Epulo, wofufuza za madzi osefukira wataya chaka chonse, ndipo fizi ya chaka choonjezeracho palibe amene adzamuchotsere. Yambani kulemba mwezi woyamba, ngakhale zosalongosoka, ndipo sungani ntchito yanu malo atatu. Malaputopu amabedwa.

Komabe si chilungamo kusenzetsa ophunzira mlandu wonse. Pali madipatimenti amene amatenga ophunzira ochuluka chifukwa masitazi yodzilipirira imabweretsa ndalama, pamene aphunzitsi a PhD oti awayang'anire ndi owerengeka. Supavayiza mmodzi amakhala ndi gulu la ophunzira, makalasi a digiri yoyamba, misonkhano ya kunyanja, ndi maganyu a mabungwe amene amamulipira kuposa yunivesite. Chaputala chimagona mu imelo miyezi itatu. Wophunzira sangadandaule, chifukwa kwathu kuno kukumbutsa wamkulu kawiri kumaoneka ngati mwano, ndipo amene mukumudandaulayo ndi yemwe adzasaine. Thesis ikapita kwa woyesa wakunja imakagonanso. Pomaliza imaikidwa pa shelefu ya mulaibulale, ndipo patapita zaka zitatu wophunzira wina amabwereza kafukufuku yemweyo pa phiri lomwelo osadziwa.

Kukonza zimenezi sikulira ndalama zambiri. Pakhale pangano lolembedwa pakati pa wophunzira ndi supavayiza lonena masabata amene chaputala chiyenera kubwerera. Pakhale malire a ophunzira amene mphunzitsi mmodzi angatenge. Thesis iliyonse iikidwe pa intaneti, deta yake ya mapu iperekedwe ku MASDAP, tsamba la pa intaneti losungira deta ya mapu a Malawi, kumene ena angaipeze, ndipo chidule chake chipite ku khonsolo ya boma limene kafukufukuyo anachitikira, m'chilankhulo cha anthu amene anataya tsiku lawo la kumunda kuyankha mafunso. Bungwe la NCHE, limene limavomereza maphunziro a m'mayunivesite, likhoza kulamula dipatimenti iliyonse kuti izilengeza chaka ndi chaka chiwerengero cha amene analowa, amene anamaliza, ndi zaka zimene zinawatengera.

Podikira kuti lamulo lotere libwere, funsani nokha. Musanalipire ndalama ya fomu, pitani kapena lemberani kwa mkulu woona za masitazi m'dipatimentiyo mumufunse mwaulemu kuti: "Bwana, mwa amene analowa zaka zitatu zapitazo, ndi angati amene anavala gauni?" Akatulutsa mndandanda, pemphani kuti akulumikizeni ndi awiri mwa omalizawo ndi mmodzi mwa amene akadali m'njira. Akayamba kukufotokozerani za nyumba zatsopano ndi makompyuta amene akuyembekezeka kufika, thokozani, bwezerani ndalamayo m'thumba, mukafunse dipatimenti ina.